Pa Anyamata

Chinsinsi cha bambo anga ndinachisunga zaka zoposa makumi asanu, n'kudzachiulula ndekha kwa mtsikana wovala majombo atsopano amene sanandifunse n'komwe. Dzina lake Corinne Aucoin. Anafika kuno ku Dunch Cove m'mwezi wa Meyi, nyengo ya nkhanu ili pakati, atatumidwa ndi kampani ina imene inkafuna kuyala chingwe cha magetsi pansi pa nyanja kupita kuzilumba. Ntchito yake inali kuonetsetsa kuti chikhasu chokumbira ngalande ya chingwecho chisagumule chinthu chilichonse chakale. Anapachika mapu pakhoma m'holo ya tchalitchi, ife tili pamabenchi ndi makapu a tiyi, n'kutilozera mzere wofiira.

Ine ndine Melvina Pardy, koma kuno aliyense amangoti Vina. Dzina la mwamuna wanga ndinalisiya ku Toronto pamodzi ndi mwini wake. Ndili ndi zaka 66 ndipo ndimatcherabe miono ndekha. Mapu sindiwakonda, koma madzi athu ndimawadziwa, ndiye nditangouona mzerewo ndinaika kapu pansi. Unkadutsa ndendende pa Anyamata.

"Manda a sitima yankhondo ija tawalambalala," anatero Corinne, akuloza kamtanda kakuda kutali ndi mzere wakewo. "Tawasiya kum'mawa, mtunda wopitirira mailo imodzi. Pamenepo musadere nkhawa."

Anthu anagwedeza mitu. Nanga akanatani? Kamtanda kameneko ndi kamene aliyense amakadziwa. Ine ndinatembenuka kuyang'ana achimwene anga a Hedley, amene anakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Iwo maso anali m'chipewa chawo, ngati mwalembedwa nkhani.

Zinayamba chonchi. Mu Seputembala 1942, kukungocha kumene, kasitima kankhondo kotchedwa Wintergreen kanaphulitsidwa pakamwa pa gombe lathuli ndi sitima ya adani yoyenda pansi pa madzi. Munali amuna 31, ndipo palibe anapulumuka. Mmodzi anali Uriah Pardy, mng'ono wa bambo anga, wa zaka 19, amene ankagwira ntchito kunsi m'chipinda cha injini. Bambo anali panyanja m'mawa umenewo, akuwedza. Anapalasa mpaka pamalopo n'kupeza mafuta okhaokha akuyandama. Kenako anachita zimene msodzi aliyense wa kuno amachita osaganiza n'komwe: anayang'ana kumtunda n'kutenga zizindikiro zoti adzapezere malowo.

Nkhondo itatha kunabwera anthu otola zitsulo. Ankayenda gombe ndi gombe, kuphulitsa masitima omira ndi mabomba kuti achotsemo mkuwa. Bambo anaona ndi maso awo zimene zinakokolokera kumchenga ku gombe lina anthuwo atachoka, ndipo sanafune kuzifotokoza mpaka kufa. Ndiye mkulu wina wa asilikali atabwera ndi kope lake kudzafunsa pamene Wintergreen inagona, bambo anavula chipewa n'kumunamiza mwaulemu wonse. Anamulozera pamatope. Mkuluyo analemba, akuluakulu anadinda, otola zitsulo anafufuza sabata ziwiri n'kuchoka akutukwana. Kuyambira pamenepo, Seputembala aliyense kumabwera boti lalikulu ndi m'busa ndi achibale a anyamata aja, n'kuponya nkhata ya maluwa pamalo popanda kanthu.

Zizindikiro zenizeni anauza anthu awiri basi, a Hedley ndi ine. Ine ananditenga ndili ndi zaka 14. "Taona kumtunda, mwanawe. Nsanja ya tchalitchi ilowe mumpata wa phiri lija. Tsopano dikira Mwala Woyera usuzumire kuseri kwa nsonga ya gombe. Wauona? Pano ndiye pa Anyamata. Mikwamba makumi atatu. Pano umazimitsa injini, umavula chipewa. Suponya mbedza, suponya mono, suponya ngakhale chingwe choyezera kuya. Ndipo suuza munthu." Ndinabwerera kuno mu 1994, bambo atamwalira kalekale, ndipo kuyambira chaka chimenecho sindinadutsepo pamalopo injini ikulira.

Msonkhano wa m'holo utatha ndinawalondola a Hedley mpaka kushedi kwawo. Ndinawapeza atayamba kale kusoka ukonde wa mono, ngati sanachokere kulikonse.

"Achimwene, mzere uja mwauona?"

"Maso ndili nawo."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani? Tandipatsira ulusi uwo."

"Asa! Chikhasu chachikulu ngati thirakitala chikukalima pamwamba pa bambo aang'ono, inu mukufuna ulusi?"

"Vina, kamodzi kokha pa moyo wako, tseka pakamwapo. Asiye ayale chingwe chawo pamene alembapo."

"Alime manda?"

"Ndati asiye."

"Mtima wanu ndi wamwala ndithu. Zaka zonsezi sindinakuonenipo mutaimitsa boti pamenepo ngakhale kamodzi. Mumangodutsa phuphuphu ngati mukuthamangira kumsika."

Anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu. Kenako anangoti, "Ukamatuluka utseke chitseko, mphepo ikulowa."

Ndinachitseka mpaka zitini zinagwa pashelefu. Ine ndi a Hedley timakondana, musamve molakwa, koma chikhalire sitinakwerepo boti limodzi osakangana. N'chifukwa chake aliyense ali ndi lake.

Masiku atatu ndinavuula miono mutu uli kwina, mpaka nkhanu ina inandiluma chala chimene ndakhala ndikuchiteteza zaka makumi awiri. Lonjezo ndi lonjezo, inde. Koma bambo ananama kuti anyamata asakhudzidwe, osati kuti bodzalo lisakhudzidwe. Nanga bodza lingateteze chiyani pamene chikhasu chikubwera chosaona? Lachisanu ndinaphika nsomba ya mchere ndi mbatatesi, n'kumuitana mtsikanayo.

Anadya ngati munthu woleredwa bwino, mpaka kupukuta mbale ndi buledi. Nditamuuza zonse, anaika foloko pansi.

"Mayi Pardy, njira yonseyo tinaiyeza kale ndi makina. Sitinaone kanthu."

"Makina akowo anabadwa liti? Bambo anga analipo."

Sanaseke, ndipo n'chimene ndinamukondera. Anati, "Chabwino, tipite tikaone. Koma ndikuuzeni zoona musanandionetse. Sitimayo tikaipeza, ndiyenera kulemba. Ndikalemba, si yanunso, si yanganso. Chingwe chidzapatuka, chimenecho ndikulonjeza. Zinazo sindingalonjeze."

"Zinazo ziti?"

"Alipo anthu mumzinda amene adzafuna kuivuula. Mwina osati yonse. Mwina mfuti yakutsogolo, belu, kapena mbali imene ikadali yolimba."

"Kuti ana asukulu aziionera akudya maswiti?"

"Ambiri amatero, monga mwaneneramo. Koma tamvaninso mbali inayo. Chitsulo chikudyeka. Pakapita zaka makumi awiri kapena atatu chidzagwera mkati, n'kutsala mulu wa dzimbiri. Ndiye ena amati tipulumutseko kanthu koti anthu azikagwira ndi manja, anyamatawo asaiwalike. Ndipo alipo achibale amene amafuna mafupa a abale awo aikidwe m'nthaka, pamalo poti angafikepo ndi ndodo."

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Ine ndimati manda ndi manda. Koma ndine munthu mmodzi, ndipo wodinda si ine."

Ndinamuthirira tiyi wina. Mantha anandigwira, sindibisa. Koma pakati pa chikhasu chobwera mwezi wamawa ndi makina ovuulira amene mwina sadzabwera, ndinasankha kuthana ndi chikhasu.

Loweruka m'mawa kunali bata. Tinamangirira chipangizo chake chounikira pansi pa nyanja kumbuyo kwa boti langa, chachitsulo, chachitali kufika m'chiuno, iye n'kukhala pabokosi la nyambo ndi kompyuta pamiyendo. Ndinalowetsa nsanja mumpata. Mwala Woyera unasuzumira. Ndinavula chipewa, n'kupepesa chamumtima kuti lero lokha injini siizima.

Tinadutsa kamodzi. Tinabwerera. Tinadutsa mopingasa, kenako mozungulira, mpaka dzuwa linafika pamutu. Pagalasi la kompyuta pankangoyenda utoto wotuwa.

"N'chiyani chimenecho?"

"Matope, mayi."

"Nanga icho?"

"Mwala. Waung'ono, ngati chitofu."

Kalanga ine, manyazi ake! Nkhalamba yaphokoso, kumutayitsa mwana wa eni tsiku lathunthu. Ndinayamba kuganiza kuti mwina bambo anandinamiza inenso. Corinne anakulunga chingwe chake pang'onopang'ono, osandiyang'ana kumaso kuti manyaziwo asakule.

"Musadandaule," anatero. "Zilipo zinthu zimene matope amakwirira. Ine ndakukhulupirirani. Ndilemba kuti pano pali nkhani ya anthu a m'mudzi, ndipo ndipempha kuti mzere usunthe mamita mazana anayi. Kum'mawa kuli miyala, ndiye tiupititsa kumadzulo. Lachiwiri boti lathu lalikulu liyeza njira yatsopanoyo, basi nkhani yatha."

Anachita zimenezi pondikomera mtima, ndipo ndinamuthokoza.

A Hedley ndinawapeza padoko akutsuka mabokosi ndi paipi. Anali atationa. Mudzi wonse unationa.

"Mwapha zingati?" anandifunsa.

"Sekani, achimwene, ndi tsiku lanu. Palibe kanthu pamenepo. Koma mwana uja ali ndi ulemu kuposa inu. Akuti asuntha mzerewo."

Paipi inangowagwa m'manja, madzi n'kumathira majombo awo.

"Asunthira kuti?"

"Kumadzulo. Mamita mazana anayi. Ayeza Lachiwiri."

Anakhala pansi pabokosi. Munthu wa zaka 73, chimunthu chodzaza khomo, nkhope itayera mbee. "Vina, Vina, Vina. Wachita chiyani, mwana wa amayi?"

"Ndachita chiyani ine?"

"Tayang'ana tchalitchicho."

Ndinayang'ana. Choyera monga mwa masiku onse, mbalame itatera pamtanda.

"Chili pamene chinali uli mwana?"

Abale inu. Ndinkadziwa! Amayi anandilembera kalata ku Toronto mu 1979, masamba atatu: mkuntho wagumula gombe pansi pa tchalitchi, amuna onse a m'mudzi achikweza pamitengo n'kuchikoka ndi zingwe masitepe makumi atatu chakum'mawa, akuimba. Anatumiza ndi chithunzi chomwe. Kuno kukoka nyumba si nkhani; ya a Hedley yomwe inachita kuwoloka gombe itayandama pamigolo. Ndinawerenga kalatayo, n'kuseka, n'kuiika m'kabati. Sindinaganizepo ngakhale tsiku limodzi kuti nsanja ikasuntha masitepe makumi atatu kumtunda, kunyanja kutali uko mzere wake umasuntha kwambiri.

"Ine ndinali pachingwe tsiku limenelo," anatero a Hedley. "Ndinaika mwala pamene panali nsanja yakale, n'kukatenga zizindikiro zatsopano. Anyamata ali kumadzulo kwa malo akowo. Mzere wofiira uja sumawakhudza n'komwe. Ukanangokhala chete!"

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri," ndinatero, mawu akutuluka aang'onoang'ono. "Mwakhala mukundiona ndikuzimitsa injini pamatope, ndikuvula chipewa mvula ikugwa, inu osanena kanthu?"

"Chaka choyamba ndinkati ndikuuza. Kenako ndinaona kuti anthu ayamba kuona boti lako likuima pamodzimodzi, ena n'kumanong'ona. Ndinati bola azinong'ona za pamenepo."

"Ndiye ndinali nyambo yanu."

"Sindinatero."

"Mwanditenga ngati mkulu wa asilikali uja. Mlendo wobwera ndi kope."

"Unachoka zaka zambiri, Vina. Ndipo pakamwa pako umapadziwa wekha. Taona lero."

Pakanakhala nkhafi pafupi, kaya zikanatha bwanji. Iwo anatseka madzi, n'kutsitsa mawu.

"Sizinathe. Pita kwa mtsikanayo mawa. Ukamuuze kuti wakalamba, unasokoneza, bambo ankakonda nthano. Abweze mzere pamene unali. Akuseka pang'ono, basi. Lachiwiri sayeza kanthu, ndipo anyamata agona mmene agonera."

Ankanena zoona, ndipo n'zimene zinandipweteka. Bodza limodzi laling'ono, losavuta. Corinne akanandikhulupirira, pajatu matopewo anawaona ndi maso ake.

Lamulungu sindinalowe m'tchalitchi. Ndinachizungulira mpaka ndinaupeza mwala wa a Hedley m'maudzu, pafupi ndi phompho, n'kukhalapo. Mkwiyo unali utatsika, patatsala chinthu china cholemera. Pamadzi paja ndinawafotokozerapo bambo aang'ono mmene ukwati wanga unathera. Ndinawauza tsiku limene amayi anamwalira. Munthu woti sindinamuonepo, koma pogona pake ndinkapadziwa, ndipo zimenezo zinkandikwanira. Tsopano ndinadziwa kuti ndinkalankhula ndi matope. Wina anganene kuti nyanja ndi imodzi, mawu amafika. Mwina. Koma pachifuwa sizimamveka choncho.

Ndiye ndinakumbukira Mayi Halldorson. Kwawo ndi ku Manitoba, kutali kumtunda uko. Bambo awo anali mu Wintergreen, anawasiya ali ndi miyezi inayi. Akhala akubwera Seputembala aliyense, poyamba ndi amayi awo, kenako ndi ana awo, tsopano pampando wamatayala. Akatsika m'boti la nkhata lija amadzamwa tiyi kukhitchini kwanga. Chaka china anandigwira dzanja n'kuti, "Vina, ndikakhala pamwamba pawo paja ndimawamva." Ine ndinawawonjezera shuga, ndikudziona ngati munthu wabwino wosunga chinthu chopatulika. Ndinkawamvera chisoni cha munthu wodziwa. Ha! Tonse tinali pamatope, kungoti aliyense pa ake.

Bambo sanalakwe. Nthawi imeneyo kunali mabomba, ndipo bodza linagwira ntchito yake. Koma m'sitimamo muli amuna 31, wa kwa Pardy ndi mmodzi yekha. Enawo anatipatsa ndani? Komanso a Hedley alibe mwana wopita panyanja. Tsiku limene mtima wawo udzaime, Anyamata adzatayika kutayika kwenikweni, ndipo kampani ina ikadzabwera ndi mzere wina sipadzakhala ngakhale nkhalamba yaphokoso yolozera polakwika. Mbali inayo ndinaionanso bwinobwino: zingwe, makina okwezera, manja a alendo m'chipinda cha injini. Ndinakhala pamwalapo mpaka anthu anatuluka m'tchalitchi, miyendo itachita dzanzi, ndipo palibe mbali imene inapepuka.

Masana ndinapita kwa a Hedley. Ndinawapeza akumwa msuzi wa nyemba.

"Sindipita kukanama."

Anapitiriza kumwa.

"Lachiwiri sitimayo aipeza ndi makina, n'kulemba m'nyuzipepala kuti atulukira sitima yotayika. Apo ayi, mawa mumutengere mtsikanayo kumeneko nokha, mumuuze kuti anyamatawo ali ndi owayang'anira. Akamakakambirana zoti achite nayo, ifenso tikakhale m'chipindamo kuyambira tsiku loyamba."

"Bambo anati usauze munthu."

"Bambo anauza anthu awiri. Inu munawasandutsa mmodzi."

Anaika supuni pansi. "Tuluka m'nyumba mwanga."

Ndinatuluka. Koma Lolemba m'mawa nditatsikira kudoko ndinapeza boti lawo likulira kale, Corinne ali momwemo, chipangizo chake chitamangidwa kumbuyo. Moni sanandipatse. Anangokankha chidebe ndi phazi kuti ndipeze pokhala.

Zizindikiro zawo sanazitchule. Ankangoyang'ana kumtunda, kukhotetsa pang'ono, kuyang'ananso. Tinadutsa malo anga aja osaima, ine n'kuyang'ana kumbali. Patapita kanthawi anachepetsa liwiro n'kuti, "Yang'ana galasi lakolo, mwana."

Poyamba unali utoto wotuwa womwe uja. Kenako kunatulukira chinthu chakuda, chosongoka, n'kumakula. Corinne anagwira pakamwa. Sitimayo inali itakhala chilili ngati ili padoko, kungoti pakati panali pothyoka. Anandilozera ndi chala: iyi ndi mfuti, apa ndi poyendetsera, ichi ndi chumuni chinagwera kumbali.

"Chipinda cha injini chili pati?"

"Apa, mayi. Kumbuyo kwa pothyokapa. Chikuoneka chotsekeka."

Ndinaika chala changa pagalasipo. Ndinalira, ndipo nkhope sindinabise. Kanali kakang'ono, abale, kasitima kakang'ono zedi kosunga anthu onse aja.

A Hedley sanayang'ane. Anaima chotifulatira, manja ali pachiwongolero.

"Bambo Pardy," anatero Corinne, "ndiyenera kulemba manambala tsopano."

"Ndakuletsa?"

"Ndi yathunthu kuposa zambiri zimene ndaonapo. Ndikuuzireni pompano, musadzamve kwa ena: chifukwa cha zimenezo, ofuna kuivuula adzakhala ambiri. Ine ndilemba maganizo anga, kuti isiyidwe. Ndilembanso za bambo anu."

"Za bambo anga usalembe kuti ananama. Ulembe kuti anabisa."

"Ndilemba choncho."

Analemba. Sizinatenge nthawi, manambala mizere iwiri basi.

Tili pafupi kufika padoko, a Hedley analankhula osatembenuka.

"Wasangalala?"

"Ayi."

"Akadzabwera ndi zingwe zawo kudzamukoka Uriah ngati mono, udzawaletsa ndiwe?"

"Ndidzayesa."

"Udzayesa," anatero. Anamanga boti n'kukwera njira ya kwawo osandidikira.

Chingwe cha magetsi anachiyala pamzere wofiira woyamba uja, pamatope anga. Kenako makalata anayamba kubwera. Mabanja ena a anyamata aja akuti zikomo, ena akuti musakhudze kanthu. Wina wa ku Ontario analemba kuti bambo anga anaba manda a agogo ake, ndipo sindinamuyankhe chifukwa sindinapeze pomutsutsira. Nyumba ina yosungira zinthu zakale ikufuna mfuti ndi belu. Mabanja anayi akufuna mafupa, ndipo mmodzi mwa amenewo ndi Mayi Halldorson, amene akuti akadzamwalira akufuna kudzagona pafupi ndi bambo awo. Msonkhano woti agamule ndi Lachinayi likubwerali mumzinda wa St. John's. Mayi Halldorson alankhula poyamba, kenako ine. Andipatsa mphindi zisanu. Ine, mphindi zisanu!

Papita miyezi khumi a Hedley osaponda m'nyumba mwanga. Tikakumana kusitolo amandiyankha ngati akuyankha munthu wofunsa njira. Nditati ndibwezedwe ku tsiku lija la pamwala, ndikuganiza kuti ndingachitenso chimodzimodzi, ngakhale masiku ena sinditsimikiza. Koma mlongo wanga ndi mmodzi yekha, tonse takalamba, ndipo ndikumusowa.

Dzulo masana ndinapita kukawapempha kuti tipitire limodzi kumsonkhanowo, ngakhale asakalankhule, angokakhala pambali panga. Ndinagogoda. Ndinawaona pawindo atakhala pampando wawo, akundiyang'ana. Ndinagogodanso, n'kuitana, "Achimwene!" Sanadzuke. Ndinaima pakhomopo mpaka zala zinauma ndi chisanu, kenako ndinabwerera kukasita diresi.